Khoti likasintha maganizo, nanga amene ali kale m'ndende?

Sabata ino tipumeko ku ndakatulo ndi nkhani zopeka, tione mbiri ya mlandu wina wa ku America. Ndi yayitali ndithu, ndiye amene bandulo ikuvuta isungeni mudzawerenge mofatsa usiku.

Tiyerekeze kuti khoti lalikulu lagamula lero kuti chilango chakutichakuti n'chankhanza, chisaperekedwenso kwa mwana. Chabwino, ana a mawa apulumuka. Nanga uja anapatsidwa chilango chomwecho zaka 40 zapitazo, amene analowa m'ndende ndevu zisanamere, pano kumutu kuli mbuu? Ife anthu wamba tiyankha msangamsanga kuti amumvenso, chifukwa cholakwika lero chinali cholakwika dzulo. Koma makhoti sayenda choncho. Ku America funso limeneli linagawa majaji kuyambira 2012 mpaka 2016, ndipo mkulu amene dzina lake linalembedwa pa chigamulo chomaliza anaona anthu mazanamazana akutuluka m'ndende chifukwa cha mlandu wake, iye ali momwemo.

Pa 13 Novembala 1963, ku Scotlandville, dera la anthu akuda kufupi ndi mzinda wa Baton Rouge m'chigawo cha Louisiana, mnyamata wa zaka 17 dzina lake Henry Montgomery anajomba kusukulu. Anakumana ndi wapolisi wachizungu, a Charles Hurt, amene ankasaka ana ojomba. Henry anali ndi kamfuti. Anawombera wapolisiyo ndipo anamwalira, kusiya mkazi ndi ana atatu. Apa palibe zoti mwina anamunamizira ayi, anaphadi munthu. Khoti linagamula kuti aphedwe. Mu 1966 khoti lalikulu la Louisiana linafafaniza chigamulocho ponena kuti mkwiyo wa anthu mumzindamo unali waukulu moti mlandu sunazengedwe mwachilungamo, ndipo kumbukirani kuti iyi ndi nthawi imene tsankho kumwera kwa America linali losabisa. Atazenganso mlandu, anamupeza wolakwa koma anati asaphedwe. Mwa lamulo la Louisiana, zikatero chilango chinali chimodzi basi: kukhala m'ndende mpaka imfa. Jaji analibe mphamvu yofunsa kuti mnyamatayu ali ndi zaka zingati, wakula bwanji, mutu wake umagwira motani. Ngakhale akanafuna kumva, lamulo linalibe pomvera.

Henry anapita kundende ya Angola. Dzinali lisakusokonezeni, malowa ali ku Louisiana komweko. Kale unali munda wolimidwa ndi akapolo, ndipo amati dzinalo linachokera ku dziko la mu Africa kumene ena mwa akapolowo anatengedwa. Ndi malo a maekala pafupifupi 18,000, mbali zitatu zozunguliridwa ndi mtsinje wa Mississippi, ndipo akaidi amalima m'minda. Kumeneko anakulira, anathandiza kuyambitsa timu ya nkhonya ya akaidi n'kumaphunzitsa anyamata, anagwira ntchito yodinda zilembo. Zaka zinapita. Kuyambira pano tiwatchule mwaulemu, a Montgomery, poti nkhani ikamafika ku khoti lalikulu anali agogo.

Tifotokozeko mawu amodzi tisanapitirire. Ku America ambiri amene apatsidwa chilango cha moyo wonse amakhala ndi mwayi wa chimene amachitcha parole. Pakatha zaka zingapo mkaidi amakaonekera pamaso pa komiti, ndipo ikaona kuti wasintha imamutulutsa koma akuyang'aniridwa, akaphonya pang'ono abwerera. Chilango chimene tikukamba pano n'chopanda mwayi umenewu, munthu amatuluka ali m'bokosi. Dziwaninso kuti dzikolo lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi malamulo ake a milandu komanso khoti lake lalikulu, ndipo pamwamba pa onsewa pali Supreme Court ya ku Washington ya majaji 9.

Nthawi ya a Montgomery ana olandira chilangochi sanali ambiri. Anachuluka cha m'ma 1990, pamene umbanda wa achinyamata unakwera ndipo andale anayamba kupikisana kuti wouma mtima kwambiri ndani. Mu 1995 katswiri wina, a John DiIulio, analemba kuti kukubwera m'badwo wa ana opanda chisoni, olusa ngati zilombo, ndipo anawapatsa dzina loti superpredator. Zigawo zambiri zinasintha malamulo kuti ana azizengedwa m'makhoti a akuluakulu. Mwana akangolowa m'khoti la akuluakulu, chilango cha akuluakulu chimamupeza chokha. M'badwo wolusawo sunabwere, umbanda wa ana unayamba kutsika, ndipo a DiIulio pambuyo pake anavomera kuti ulosi wawo unaphonya. Koma malamulo anali atakhazikika kale. Pofika 2012 anthu pafupifupi 2,500 anali m'ndende moyo wonse popanda parole pa milandu imene anapalamula asanakwanitse zaka 18, ambiri mwa iwo akuda. Pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene Malawi inavomereza mu 1991, limaletsa chilango chimenechi. America mpaka lero sinalivomereze.

Supreme Court inayamba kugumula khomali njerwa imodziimodzi, pogwiritsa ntchito ndime ya malamulo oyendetsera dziko ya 1791 imene imaletsa zilango zankhanza ndi zachilendo. Mu 2005, pa mlandu wa Roper v. Simmons, inati munthu amene anapalamula asanafike zaka 18 asaphedwe, ndipo anthu 72 anachotsedwa pamzere wodikira imfa. Mu 2010, pa mlandu wa Terrance Graham wa ku Florida, inati mwana amene sanaphe munthu asapatsidwe moyo wonse wopanda parole. Graham anali ndi zaka 16 pamene iye ndi anzake anayesa kuba pamalo ena odyera ku Jacksonville. Mfundo za majaji pa milandu yonseyi ndi zimene agogo athu amazidziwa osapita kusukulu: mwana amachita zinthu mwaphuma, amakokeka ndi anzake, sangathawe nyumba yoipa imene wabadwiramo, ndipo khalidwe lake silinaume. Kusiyana kwake n'kwakuti apa panali akatswiri a ubongo ochitira umboni kuti mbali imene imathandiza munthu kudziletsa imachedwa kukhwima.

Kenako unabwera mlandu wa Miller v. Alabama, pa 25 Juni 2012. Evan Miller anali ndi zaka 14 mu 2003 pamene iye ndi mnzake anamenya a Cole Cannon, neba wawo, ndi chibonga chosewerera baseball, n'kuyatsa nyumba yawo iwo ali momwemo. Ndi mlandu woopsa, palibe angaukometse. Koma mwanayu anakula akumenyedwa, mayi ake anali chidakwa, ndipo anayesapo kudzipha kangapo, koyamba ali ndi zaka 6. Mlandu wake unamvedwa pamodzi ndi wa Kuntrell Jackson wa ku Arkansas, nayenso wa zaka 14, amene mu 1999 anatsagana ndi anzake kukaba m'sitolo yobwereketsa makanema. Amene anawombera mayi wogulitsa m'sitolomo anali mnzake, koma lamulo linati onse ndi akupha. Loya wawo anali a Bryan Stevenson a bungwe la Equal Justice Initiative. Majaji asanu, anayi akutsutsa, anagamula kuti lamulo lokakamiza jaji kupereka moyo wonse wopanda parole kwa mwana n'losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Tamvetsani bwino apa, chifukwa mavuto onse akutsogolo anabadwira pomwepa. Khoti silinathetse chilangocho. Linangoti jaji ayambe waona msinkhu ndi makulidwe a mwanayo, ndipo linawonjeza kuti likuyembekezera kuti chilangochi chizikhala cha apo ndi apo. Za amene anali kale m'ndende, pafupifupi 2,000 omwe anachilandira mokakamiza, silinanene kanthu.

Ndiye mwina mukufunsa kuti vuto lili pati, si angowamvanso basi? Ife timati mlandu suwola. Makhoti a ku America ali ndi mwambi wawo wotsutsana nawo, woti mlandu uyenera kukhala ndi pothera. Munthu akaweruzidwa, wachita apilo mpaka kumapeto, buku latsekedwa. Mukati chigamulo chilichonse chatsopano chizitsegula milandu yakale, ndiye kuti palibe mlandu udzathe. Mboni zinamwalira, mafaelo anadyedwa ndi chiswe, ndipo abale a ophedwa aziitanidwa kukhoti mpaka kalekale. Mfundoyi si yopusa ayi.

N'chifukwa chake mu 1989, pa mlandu wa Teague v. Lane, khotilo linaika muyezo. Chigamulo chatsopano chikakhala chokhudza kazengedwe ka mlandu, monga umboni ulandiridwe bwanji kapena ndani alankhule liti, sichibwerera m'mbuyo. Chimathandiza okhawo amene milandu yawo sinatsekedwe. Koma chikakhala chonena kuti boma lilibe mphamvu yolanga mchitidwe wakuti, kapena yopereka chilango chakuti kwa anthu a mtundu wakuti, chimenecho chimabwerera, chifukwa chilangocho chinali chosaloledwa kuyambira pachiyambi. Ndipereke chitsanzo cha kusukulu. Ahedi akalengeza kuti kuyambira lero mwana asanachotsedwe sukulu makolo aziitanidwa kaye, amene anachotsedwa chaka chatha sabwerera. Koma akati mwana wa sitandade 1 sangachotsedwe sukulu zivute zitani, ndiye amene ali pakhomo uja ayenera kuitanidwa. Milandu ya Roper ndi Graham inali ya mtundu wachiwiriwu, sinavute kwenikweni. Nanga Miller? Mbali ina ikuoneka ngati ikungouza jaji njira yoti atsate. Mbali ina ikuoneka ngati ikunena kuti ana ambiri sayenera kulandira chilangochi n'komwe. Munthu aliyense ankawerengamo chimene akufuna.

Ndipo anawerengadi mosiyana. Makhoti aakulu a Iowa, Mississippi, Massachusetts, Illinois, Nebraska ndi Florida anati chigamulochi chikubwerera m'mbuyo. A Louisiana, Pennsylvania, Michigan ndi Minnesota anati ayi. Tsoka lake, Pennsylvania, Michigan ndi Louisiana ndi kumene kunali akaidi otere ambiri, ndipo Pennsylvania yokha inali ndi oposa 500. Taganizani, Louisiana ndi Mississippi ndi zigawo zoyandikana. Anthu awiri, mlandu wofanana, msinkhu wofanana, wina akukonzekera kukaonekeranso kwa jaji, wina akuuzidwa kuti iwe udzafera momwemo, chosiyanitsa ndi malire basi.

Mu Disembala 2014 Supreme Court inavomera kumva nkhaniyi kudzera mwa mkaidi wina wa ku Angola, a George Toca. Iwo anamangidwa ali ndi zaka 17 pa imfa ya mnzawo wapamtima ndipo zaka zonsezo ankakana mlanduwo. Patangotha mwezi umodzi, oimira boma ku New Orleans anawapatsa mwayi wovomera milandu yocheperako kuti atuluke pompopompo. Atakhala zaka 30 m'ndende, ndani angawanene kuti anavomereranji? Anatuluka mu Januwale 2015, ndipo mlandu wawo ku Washington unafera pomwepo. Ngati boma linkaganiza kuti lazimitsa moto, linalemba m'madzi, chifukwa mu Malichi khotilo linatola pempho lina lochokera kundende yomweyo. Linali la a Henry Montgomery.

Chigamulo chinatuluka pa 25 Januwale 2016, a Montgomery ali ndi zaka 69. Majaji 6 anagwirizana, atatu anakana. Chodabwitsa n'choti jaji wamkulu, a John Roberts, amene anatsutsa chigamulo cha Miller mu 2012, ulendo uno anali mbali ya ovomereza. Analemba chigamulocho ndi a Anthony Kennedy. Iwo anati Miller sinangosintha kazengedwe. Inaika malire pa mphamvu ya boma, kuti moyo wonse wopanda parole n'chilango chopyola muyezo kwa mwana aliyense amene mlandu wake unachokera ku chibwana chakanthawi, kupatulapo ochepa kwambiri amene zikuoneka kuti sangakonzeke. Tsono ngati malire alipo, amene anaweruzidwa kale ali mkati mwa malirewo. Podziwa kuti zigawo zidandaula za ntchito, anazipatsa njira yachidule: simukukakamizidwa kuzenganso aliyense, mukhoza kungowalola kukaonekera ku komiti ya parole, monga Wyoming inkachitira mkaidi akatha zaka 25. Amene sanasinthe akhalabe, amene wasintha apatsidwe mpata woonetsa kusinthako.

A Antonin Scalia anakwiya nacho chigamulochi, ndipo zimene analemba potsutsa ndi zina mwa zomaliza pa moyo wawo, poti anamwalira patangotha masabata osakwana atatu. Anati anzawowo alembanso Miller mwakachetechete n'kuikamo zimene munalibe. Anafunsanso kuti jaji wa lero angadziwe bwanji mmene mtima wa mnyamata unalili mu 1963. Kunena zoona, ine ndikawerenga zigamulo ziwirizi ndimaona kuti pa mfundo yoyambayo a Scalia sanalakwitse kwenikweni. A Kennedy anakoka mawu a Miller mpaka pamene ankafuna kuti afike. Koma pa mfundo yachiwiri ndimasiyana nawo. Jaji wa 1969 akanangolosera kuti mnyamatayu adzakhala wotani. Wa 2016 anali ndi zaka zoposa 50 zolembedwa m'faelo, tsiku ndi tsiku. Ngati pali amene akanaweruza moona, ndi wachiwiriyo.

Tisaiwale mbali ya anamfedwa. Mabanja ambiri anauzidwa ndi boma kuti amene anapha m'bale wanu sadzatulukanso, pitani mukapume. Ena anamanga moyo wawo pa lonjezo limenelo. Ndiye patatha zaka 30 kukubwera kalata yoti bwerani kukhoti, tikambirananso. Bala limene linayamba kupola likutukulidwa. Alipo mabanja amene anakhululuka mpaka kukapempha okha kuti mkaidi atuluke, alipo amene anakana kwamtuwagalu, ndipo sindikuona kuti tingaloze chala aliyense wa iwo. Kubweza chigamulo m'mbuyo kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira kwambiri si majaji.

Funso lomweli ifenso linatipeza kuno kwathu, ngakhale silinali la ana okha. Mu 2007, pa mlandu wa a Francis Kafantayeni ndi anzawo, High Court inagamula kuti lamulo lokakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha n'losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko lino. Mfundo yake ndi yomweyi: munthu amvedwe kaye chilango chisanaperekedwe. Nanga ena onse amene anali ku Zomba ndi chilango chomwecho? Mu 2010, pa mlandu wa Yasini, Supreme Court of Appeal inati onsewo ali ndi ufulu womvedwanso. Pepala linatuluka, koma ntchito yeniyeni yowamva inadzayamba mu 2015, motsogozedwa ndi Malawi Human Rights Commission pamodzi ndi mabungwe ena. Mafaelo ena anali atasowa. Anthu anachita kupita m'midzi kukafunsa abale ndi mafumu za moyo wa akaidiwo. Pa milandu yoposa 150 imene inamvedwa, anthu oposa 100 anatuluka, ndipo ena anapezeka kuti anali ana pamene ankapalamula. Kuchokera 2007 kufika 2015 ndi zaka 8 munthu ali ndi ufulu papepala koma akugonabe pamalo pomwepo. Ku America nakonso zinali choncho.

Chigawo chilichonse chinayenda liwiro lake. Ku Pennsylvania, kumene anakana poyamba, ndi kumene anatulutsa ambiri. Kumeneko kunali a Joe Ligon, amene anamangidwa ku Philadelphia mu 1953 ali ndi zaka 15, osadziwa kulemba ndi kuwerenga. Iwo ndi anyamata anzawo, ataledzera, anabaya anthu angapo usiku umodzi ndipo awiri anamwalira. A Ligon amavomera kuti anabaya munthu koma amakana kuti anapha. Mu 2017 anapatsidwa chilango chatsopano chowalola kupempha parole tsiku lomwelo. Anakana. Anati sangatuluke m'ndende kuti akakhale moyo wonse akupempha chilolezo kwa woyang'anira ngati mbuzi yapachingwe. Anzawo anatuluka, iwo anatsala, loya wawo akumenyabe nkhondo mpaka khoti lina linavomereza. Anatuluka mu Febuluwale 2021 ali ndi zaka 83, atakhala m'ndende zaka 68, opanda chingwe chilichonse. Kaya mukuti ndi liuma kaya ndi ulemu wa munthu, zili kwa inu. Ine ndimangosowa chonena.

Pamene izi zinkachitika, khoti la ku Washington linali likusintha nkhope. A Kennedy anapuma mu 2018, a Ruth Bader Ginsburg anamwalira mu 2020, ndipo olowa m'malo mwawo anali a maganizo ena. Ndiye unafika mlandu wa Brett Jones wa ku Mississippi, amene mu 2004, ali ndi zaka 15, anabaya agogo ake aamuna atakangana. Atamvedwanso, jaji anamupatsa chilango chomwe chija osanena kuti wapeza kuti ndi munthu wosakonzeka. Jones anati izi zikusemphana ndi chigamulo cha Montgomery. Pa 22 Epulo 2021 majaji 6 anati ayi, jaji safunika kupeza zimenezo. Bola ali ndi ufulu wosankha chilango china ndipo wamva za msinkhu, zakwana. Analemba ndi a Brett Kavanaugh, amene ali achinyamata anagwirapo ntchito mu ofesi ya a Kennedy ndipo ndi amene anatenga mpando wawo. Anati sakugwetsa Miller kapena Montgomery. A Sonia Sotomayor anayankha mokalipa kuti akuzichotsa matumbo n'kusiya chikopa. Ngakhale a Clarence Thomas, amene anagwirizana ndi zotsatira zake, ananena kuti kukanakhala bwino kungovomera poyera kuti Montgomery yakanidwa. Mukaona, khoti linabwerera ku kawerengedwe ka a Scalia, koti Miller ndi nkhani ya kazengedwe chabe, koma linasiya chitseko chimene a Kennedy anatsegula chili chotsegula. Patangotha masiku ochepa, jaji wa ku Alabama anamva Evan Miller, mwini dzina la chigamulo cha 2012 uja, n'kumupatsanso moyo wonse wopanda parole. Kuntrell Jackson, mnzake wa pamlandu, anali atatuluka kale mu 2017.

Komabe madzi anali atasefukira kale. Nyumba za malamulo m'zigawo zambiri zinapitirira pamene khoti linaima, ndipo lero zigawo zoposa theka zinathetseratu chilangochi kwa ana, pamene mu 2012 zinali zowerengeka pa zala. Anthu oposa 1,000 amene anauzidwa ali ana kuti adzafera m'ndende ali kunja, ndipo obwerezanso kupalamula ndi ochepa kwambiri. Izi sizodabwitsa, munthu wa zaka 55 si mnyamata wa zaka 16 uja.

Nanga eni ake a Montgomery? Mu 2017 jaji wa ku Baton Rouge anawapatsa chilango chowalola kupempha parole. Mu Febuluwale 2018 anakaonekera ku komiti ya anthu atatu, anakanidwa. Mu Epulo 2019 anapitanso. Awiri anavomera, mmodzi anakana, ndipo lamulo linkafuna kuti onse atatu agwirizane. Chimodzi mwa zifukwa zimene zinaperekedwa n'choti sanachite maphunziro okwanira a m'ndende okonzekeretsa munthu kutuluka. Maloya awo anayankha kuti kwa zaka zambiri maphunziro amenewo sankaperekedwa kwa akaidi a moyo wonse, poti ankati mukonzekeretsa bwanji munthu amene sadzatuluka. Mwaona kuzungulira kwake? Panalinso china chimene aliyense ankachidziwa: wophedwayo anali wapolisi, ndipo akuluakulu a polisi komanso ena a kubanja la a Hurt ankabwera kudzatsutsa ulendo uliwonse.

M'zaka zimenezo anthu ambiri a ku Angola anatsanzikana ndi a Montgomery pachipata. Mmodzi mwa oyamba kutuluka, mu Juni 2016, anali a Andrew Hundley, mzungu amene anapha mtsikana mu 1997 ali ndi zaka 15. Iwo anakhala zaka 19, pamene a Montgomery anali atadutsa 52, ndipo eni ake akhala akunena poyera kuti kusiyana kumeneku n'kovuta kukufotokoza. Atatuluka anathandiza kukhazikitsa bungwe la Louisiana Parole Project, limene limakonzekeretsa akaidi okhalitsa kukaonekera ku komiti, kuwapezera pogona, ndi kuwaphunzitsa zinthu monga kugwiritsa ntchito foni ndi khadi la kubanki. Bungwe limeneli ndi limene linaimirira pamaso pa komiti kulonjeza kuti liwasunga a Montgomery.

Pa 17 Novembala 2021, paulendo wachitatu, onse atatu a m'komiti anavomera. A Montgomery anapepesa kwa banja la a Hurt, limene ena mwa iwo anali atatsutsanso tsiku lomwelo. Masana ake anatuluka pachipata cha Angola ali ndi zaka 75, patatha zaka 58 ndi masiku anayi chichitikireni cha ku Scotlandville chija, komanso zaka zisanu ndi miyezi pafupifupi 10 kuchokera pamene anapambana ku Washington. Anakawatenga ndi a Hundley, n'kupita nawo ku Baton Rouge kunyumba ya bungwe lija.